Nthano Yopanda "Tilitonse"

Mantha a mwana amadziwika ndi aliyense, pakuti mwana akaopa amalira ndipo akulu amathamanga kudzamutonthoza. Mantha a munthu wamkulu ndiwo sakambidwa kawirikawiri. Munthu wa imvi akaopa chinthu amangoti alibe nthawi, kapena amayamba kuchinyoza kuti n'chachibwana, mwinanso mutu umamupweteka pa tsiku lenileni loti akakumane nacho. Mwa akulu onse, mphunzitsi ndiye katswiri pobisa mantha, chifukwa ntchito yake yonse yatsamira pa chikhulupiriro cha ana chakuti iye amadziwa. M'chimangirizo chino ndifuna kukamba za mantha amene anandigwira ine, mphunzitsi wopuma pantchito, pamene ndinaitanidwa kukaphunzira njira yophunzitsira imene pa Chingerezi amaitcha digital storytelling. Uku ndi kusimba nkhani pogwiritsa ntchito mawu ojambulidwa, zithunzi ndi makina amakono monga kompyuta kapena foni ya m'manja. Ena mwa mantha amenewo anatha dzuwa la tsiku loyamba lisanalowe, koma ena ndikali nawo mpaka lero.

Kuti mumvetse gwero la mantha anga, ndiyambe ndakuuzani mtundu wa mphunzitsi amene ndili. Ndinalowa sukulu ya zauphunzitsi mu 1981 ndipo ndinatuluka mu 1983 ndi setifiketi ya T2. Masiku amenewo zida za mphunzitsi zinali zowerengeka: choko, bolodi, chofufutira, buku la chikonzero cha phunziro ndi pakamwa pake. Ankatiphunzitsa kuima pamene mwana aliyense angatione, kulemba mizere yowongoka pabolodi popanda kupatsa ana nkhongo nthawi yaitali, ndiponso kuponya mawu kuti akafike kwa mwana wokhala kukhoma la kumbuyo. Mayeso tinkalemba pa sitensulo n'kupukusa pa makina a Gestetner, manja ali bii ndi inki.

Zosintha ndinaziona zambiri pa zaka 38 zimene ndinagwira ntchito. Mu 1994, boma litachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ine ndinaphunzitsa pansi pa mtengo wa mango, bolodi litatsamira kutsinde. Itabwera mfundo ya TALULAR, yotilimbikitsa kupanga zothandizira kuphunzitsa kuchokera ku zinthu zopezeka pamudzi, ndinatolera zitsekerero za mabotolo ndi zitsononkho mokondwa. Zonsezi zinali zachilendo pa nthawi yake, koma palibe chimene chinandichititsa nthumanzi, chifukwa zinkandisiya ndili pamalo panga pomwe, patsogolo pa kalasi, choko chili m'manja.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, sukulu zimene zinkatchedwa ma DEC zitasanduka sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, ambiri a ife aphunzitsi a kupulaimale tinatumizidwa kukathandiza kumeneko, ndipo ine ndinapatsidwa phunziro la Chichewa. Ndinapuma pantchito mu 2021. Koma popeza sukulu ya pafupi ndi kwathu, m'boma lina la kummwera, inali ndi aphunzitsi ochepa, aphunzitsi aakulu anandipempha kuti ndizithandizabe Folomu 3 masiku awiri pa sabata. Ndi iwo amene mu 2023 anandipatsira kalata yondiitanira ku maphunziro a masiku atatu kuboma. Ndinaiwerenga kawiri kalatayo, kenaka ndinafunsa ngati panalibe wachinyamata woti apite. Iwo anati, "Bambo, zanthano pasukulu pano mwini wake ndinu. Makinawo akakuonetsani komweko." Ndinavomera ndi pakamwa, mtima uli m'mwamba.

Mwina ena a inu simunamvepo za njira imeneyi. Inayambira ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1990. Munthu wina wa zisudzo, Dana Atchley, anali ndi sewero lotchedwa Next Exit, m'mene ankakhala pambali pa moto woonetsedwa pa kanema n'kumasimba nkhani za moyo wake uku akuonetsa zithunzi ndi timafilimu ta banja lake. Iye pamodzi ndi Joe Lambert ndi Nina Mullen anatsegula malo ophunzitsirako anthu wamba luso limeneli ku San Francisco mu 1994. Mu 1998 malowa anasamukira ku Berkeley ndi dzina lakuti Center for Digital Storytelling, ndipo kuyambira 2015 amatchedwa StoryCenter. Mu 2001 wailesi ya BBC inayamba ntchito yotchedwa Capture Wales, imene mothandizana ndi Daniel Meadows inkayendera anthu a ku Wales m'madera mwawo kuti adzipangire okha nkhani zawo. Kuchokera kumeneko njirayi inafalikira m'sukulu ndi m'mabungwe a m'maiko ambiri. Chinandiseketsa chamumtima pomva mbiriyi n'chakuti ngakhale mwini wake wa lusoli, ndi makina ake onse, anaona kuti nkhani siikoma popanda moto, mpaka anachita kuujambula.

Kapangidwe kake n'kosavuta kukafotokoza. Nkhani imakhala ya mphindi ziwiri kapena zitatu, ya mawu pafupifupi 250, ndi zithunzi 12 kapena kupitirirapo pang'ono. Iyenera kukhala nkhani ya mwini wake, yolembedwa ndi iye mwini, yosimbidwa ndi mawu ake omwe. Munthu amayamba waikamba kwa anzake atakhala mozungulira, pa chimene tinachitcha bwalo la nkhani. Akatero amailemba, amajambula mawu ake akuiwerenga, kenaka amalumikiza mawuwo ndi zithunzi pa kompyuta kapena pa foni.

Mantha amene ndinanyamuka nawo kunyumba anali a zala zanga. Kufikira nthawi imeneyo ndinali ndi kafoni ka mabatani, kongoimbira ndi kulandirira ndalama. Usiku woti mawa ndi ulendo ndinabwereka foni ya mdzukulu wanga kuti ndiyesere, koma galasi lake linkakana kundimvera. Pambuyo pake ndinamva kuti galasi lotere limavutadi kumva khungu louma, ndipo khungu la zala zimene zagwira choko zaka zonsezo louma ndithu. Mwanayo anandiyang'ana kwa kanthawi nati, "Agogo, musakanikize ngati mukupha nsikidzi. Ingokhudzani." Kumaphunziro kuja tinalipo aphunzitsi oposa makumi awiri, ambiri a iwo a msinkhu wa ana anga. Ndinakhala kumbuyo, malo amene pa moyo wanga wonse ndinkathamangitsako ana aulesi. Wotiphunzitsa anali mtsikana waulemu wake, ndipo ataona mmene ndinagwirira foni anandinong'oneza kuti, "Bambo, siiphulika." Pofika madzulo ndinali nditadziwa kujambula chithunzi, kuchikoka ndi chala n'kuchiika pamzere, ndiponso kubweza m'mbuyo chinthu chikalakwika. Paja amati safunsa anadya phula. Ndinafunsa kambirimbiri, ndipo palibe anandiseka. Za makina nzomwezo, sindionapo zambiri zoti ndikambe.

Chimene sindinachiyembekezere chinali m'kachipinda kojambuliramo mawu. Anatitenga mmodzimmodzi kulowa m'chipinda chosungiramo katundu, mmene anapachika mabulangete kuzipupa kuti mawu asamabwerere. Anandipatsa foni, nandiuza kuti ndiitalikitse pang'ono ndi pakamwa, natseka chitseko. Ine amene ndalankhula pamaso pa ana zikwizikwi, amene ndayendetsapo mwambo wa maliro ndi wa ukwati osagwira pepala, ndinangoti kakasi. Chiganizo choyamba chinatuluka, koma chachiwiri chinandikanirira pakhosi. Ndinkadikira chinachake chimene sichinkabwera, ndipo panatenga nthawi kuti ndizindikire kuti ndinkadikira wondivomera.

Inu amene munakulira pamudzi mukudziwa mmene nthano imayendera. Wosimba akati "Padangokhala," omvera amayankha kuti "Tilitonse," ndipo amapitiriza kuvomera chomwecho pena paliponse pamene iye wapumira. Ambiri amayesa kuti kuvomeraku ndi mwambo chabe wokometsera. Kwa wosimba, "tilitonse" ndiye muyeso wake. Akamveka wamphamvu, agogo amadziwa kuti ana agwidwa mtima, ndipo amatalikitsa pamene Kalulu akunyenga Njovu, n'kuwonjezapo tina timene dzulo panalibe. Akayamba kuzilala, agogo amadziwa kuti tulo tafika, motero amayambitsa nyimbo kuti ana adzuke, kapena amadumpha zina n'kuthamangira kumapeto, kumene amatuma ana kukaphula mbatata iwo n'kuyankha kuti yapserera. Nthano imodzi yomweyo siisimbidwa mofanana kawiri, chifukwa omvera amaiumba nawo. M'kalasi zimakhalanso choncho. Mphunzitsi waluso amawerenga nkhope. Akaona mwana wakwinya pamphumi amabwereza, akaona ena akuyang'ana pazenera amaponya funso kapena nthabwala. Luso langa lonse, ndinazindikira m'kachipinda muja, linali la munthu wolankhula ndi anthu omuyankha. Foni inangoti duu, kadontho kofiira kakuphethira.

Nditamaliza movutikira, anandimvetsera zimene ndinajambula, ndipo apo mpamene thukuta linatuluka. Ndinamva nkhalamba ina ya mawu opyapyala, yothamanga polankhula, yomeza mathero a ziganizo. Akatswiri amafotokoza kuti munthu akamalankhula amadzimva kudzera mumpweya komanso m'mafupa a m'mutu mwake, ndipo mafupawo amakuza mawu kuti azimveka onenepa kwa mwini wake, pamene makina amangotola odzera mumpweya okha. Kufotokozaku n'komveka, koma sikutonthoza. Tanthauzo lake ndi lakuti mawu amene ana anga a sukulu anawamva zaka zonse zija ndi a nkhalamba ya mufoniyo, ndipo ine ndekha ndiye ndinali ndisanakumane nayo.

Panalinso china chondilemera, ndicho lamulo lakuti nkhani ikhale ya iwe mwini. Kusukulu ya zauphunzitsi anatiphunzitsa kubisala kuseri kwa phunziro. Mphunzitsi ankayenera kukamba za Kalulu, za John Chilembwe, za mneni ndi mlowam'malo, koma za kwawo ayi. Mwana akadziwa kuti aphunzitsi ake analirapo, tinkakhulupirira kuti ulemu watha. Tsono apa mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga akundiuza kuti ndisankhe chinthu chimodzi cha m'moyo wanga chimene chinandisintha, ndichikambe pamaso pa anthu asanu ndi awiri amene ndawadziwa m'mawa womwewo.

Ndinasankha nkhani ya nsapato. Bambo anga anali mmodzi wa amuna ambirimbiri a dziko lino amene anapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi, ndipo boma la Dr. Banda linaimitsa kulemba anthu a kumigodi. Bambo anafika kumudzi chaka chotsatira ndi bokosi lachitsulo. M'bokosimo munali mabulangete, nsalu za amayi, ndi nsapato zakuda za ine, zoyamba m'moyo wanga. Koma iwo anagulira mwana amene anamusiya, osati amene anamupeza. Phazi langa linali litakula, ndipo nsapato zinakana kulowa. Bambo anagwada pansi n'kumayesa kukankha chidendene changa ndi chala chawo, osalankhula kanthu, mpaka amayi anawagwira paphewa.

Pabwalo la nkhani ndinakamba zimenezi maso ali pansi. Nditakhala chete, mphunzitsi wina wamkazi, wamng'ono pa tonse, anafunsa kuti, "Nanga nsapatozo munazivala, Bambo?" Ndinayankha kuti inde, ndinazivala Lamulungu lotsatira popita kutchalitchi, nditapinda zala, ndipo ndinabwerako ndi matuza koma sindinauze munthu. Onse anati nkhani yagona pamenepo, ndipo ine ndinali nditaisiya kunja. Apa ndinaona kuti amene anakonza njirayi sanamutaye wovomera uja. Anangomusuntha. Pamoto wovomera amakhala nawe pamene ukusimba, koma pano amabwera poyamba, nkhani isanalembedwe, ndipo ukamalowa m'kachipinda ka mabulangete uyenera kulowa naye m'mutu. Tsiku lachiwiri nditabwereza kujambula, ndinayerekeza kuti mtsikana wofunsa uja wakhala pampando patsogolo panga, ndipo ndinkapumira pamene ndinkaganiza kuti iye akadavomera. Mawu anayenda.

Kudula nkhani kunali nkhondo ina. Zimene ndinalemba poyamba zinadzaza masamba atatu, kuyambira mbiri ya Wenela mpaka phunziro lakumapeto lokhudza kulemekeza makolo. Wotiphunzitsa anati mbiriyo ichepe, ndipo phunzirolo lichoke lonse, chifukwa womvera akamva za matuza adzadzipezera yekha. Tinatsutsana ndithu. Ine mpaka pano ndimakhulupirira kuti pali nkhani zina zofuna kuti wamkulu anene poyera chimene akutanthauza, ndipo makolo athu sanali opusa pomaliza nthano zina ndi chilangizo. Koma pa nkhani ya nsapato iye ananena zoona. Ndinaonanso kuti muyeso wa mawu 250 unapangidwira Chingerezi. M'Chichewa liwu limodzi monga "sindinawauzenso" limanyamula zimene Mngerezi angazinene ndi mawu asanu kapena kuposa, motero mawu 250 a Chichewa amatenga nthawi yaitali kuwawerenga. Ife tiyenera kuyeza ndi wotchi, osati kuwerenga mawu.

Vuto la zithunzi nalo linandionetsa kuti njirayi inabadwira kwa anthu osunga mabuku a zithunzi za banja. Chithunzi changa choyamba chinajambulidwa ndili mnyamata wa kusekondale, ndipo cha bambo anga chilipo chimodzi chokha, cha pachiphaso. Ndinatumiza uthenga kunyumba, ndipo mdzukulu wanga anajambula bokosi lachitsulo lija, limene mpaka lero ndimasungiramo masetifiketi, anajambulanso mapazi a mng'ono wake ali pafumbi, ndi kanjira kopita kutchalitchi. Zinakwanira. Mwina zinaposa zithunzi za nkhope, chifukwa womvera aliyense ankaikapo bambo ake.

Kubwerera nazo kusukulu inali nkhani ina. Amene amatamanda zipangizo zamakono kawirikawiri amalankhula ngati kuti magetsi ali paliponse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ngakhale kuti pafupifupi theka la mabanja linali ndi foni ya m'manja. Kalasi langa linali ndi ophunzira oposa 80, ndipo malamulo a sukulu salola ophunzira kubwera ndi foni. Tinali ndi mafoni atatu: ya aphunzitsi aakulu, ya mphunzitsi wa sayansi, ndi yanga imene ndinagula nditagulitsa mbuzi. Tinkakatchajitsa kometera tsitsi pamsika, pamene pali magetsi a dzuwa. Ndinagawa ophunzira m'magulu, gulu lililonse n'kukhala bwalo lake la nkhani. Aliyense analemba nkhani yake papepala, koma gulu linkasankha imodzi yoti ijambulidwe. Teremu yonse inatipatsa nkhani 11 zokha. Tsono munthu akandifunsa ngati njirayi ingalowe m'malo mwa buku ndi bolodi, ndimamuuza kuti ayambe wawerenga mafoni ndi maola. Mayeso a MANEB amalembedwa ndi cholembera, ndipo silabasi siidikira batire.

Komabe ndinaona chinthu chimene choko changa chofiira chinalephera kuchita pa zaka zonse zija. Mnyamata wina, amene chimangirizo chake chinkakhala chiganizo chimodzi kuyambira pamwamba pa tsamba mpaka pansi, atayesa kuwerenga nkhani yake pafoni mpweya unamuthera pakati. Anzake anaseka, iye anatenga pepala lake n'kuyamba kuika mipumiro ndi mipatuliro pamene anafuna kupuma. Ndinali nditaphunzitsa zizindikiro za m'kalembedwe kosawerengeka, koma tsiku limenelo iye anazimva m'chifuwa mwake. Anabwereza kulemba kanayi popanda womutuma. Ena atadzimva akusakaniza Chingerezi pamene Chichewa chili ndi liwu lake, anachita manyazi okha n'kupita kukafunsa agogo awo. Pamenepo ndinaona ubale wa njirayi ndi ntchito imene inu mumaichita tsiku ndi tsiku. Chimangirizo nachonso ndi nthano yopanda "tilitonse". Wochonga mayeso ali kutali, sangakufunseni kuti, "Nanga nsapatozo munazivala?" Muyenera kulimva nokha funso lake musanalembe, ndipo ophunzira anga anayamba kulimva atazolowera mafunso a pabwalo la nkhani.

Mantha amene sanandichoke anabwera ndi mtsikana wina wa m'kalasi lomwelo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mapiri ndi kusefukiritsa mitsinje m'maboma a kummwera, napha anthu mazanamazana, ena osapezeka mpaka lero. Mtsikanayu anali wofatsa, wosakonda kukweza dzanja. Pabwalo la gulu lake anawerenga za usiku umene madzi analowa m'nyumba mwawo, ndi za mlongo wake wamng'ono amene iye anamugwira dzanja mumdima mpaka pamene sanamugwirenso. Inali nkhani yolembedwa bwino kuposa zonse zimene ndinazionapo kwa mwana wa Folomu 3. Gulu lonse linati ijambulidwe imeneyo. Otiphunzitsa aja anali atatipempha kuti nkhani zabwino tiziwatumizira kuti akaonetse ena, ndipo ndinadziwa kuti iyi akadaikonda kwambiri.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Nthano ya pamoto imazima ndi moto womwewo. Amene anaimva ndi amene analipo, ndipo wosimba akafuna mawa akhoza kuisintha kapena kuisiya. Nkhani ya pafoni ikangolowa pa WhatsApp siibwezeka. Idzamveka m'minibasi ndi m'malo omwera tiyi, kwa anthu amene sadziwa dzina la mwana anapitayo. Mtsikanayu adzakula, adzakwatiwa, mwina adzafuna kuti usiku umenewo ukhale wake yekha, koma mawu ake a zaka 17 adzakhala akuyendabe. Chinandiopsa koposa ndi mphamvu yanga yomwe. Ife timalera ana kuti wamkulu akapempha asakane. Mphunzitsi wa imvi akafunsa mwana wasukulu kuti, "Kodi ukulola?" yankho limadziwika funso lisanathe. Chilolezo chotere n'chopepuka ngati mankhusu. Ndipo ngati ana aona kuti nkhani yachisoni ndiyo imatamandidwa, mawa adzayamba kufukula zilonda zawo kuti apeze malikisi.

Tinakhala pansi ndi aphunzitsi aakulu n'kumanga mfundo zingapo. Nkhani zimenezi sizidzapatsidwa malikisi. Wofuna kusimba nthano ya Kalulu, kapena kufotokoza kaumbidwe ka mbiya, ali ndi ufulu wofanana ndi wosimba za moyo wake. Nkhani siidzatuluka pasukulu popanda kholo kusaina, ndipo mwini wake akhoza kusintha maganizo tsiku lililonse. Wofunsa chilolezo asakhale ine, koma mphunzitsi wamkazi amene atsikana amamasuka naye, ndipo afunse kawiri, masiku osiyana, pamalo opanda anzake.

Mtsikanayo anati akufuna kujambula. Anakana chithunzi cha nkhope iliyonse. Anasankha mtsinje uja m'chilimwe, uli mchenga wokhawokha, kambale kapulasitiki, ndi khomo la nyumba yatsopano imene anamanga ndi malata otola. Analowa yekha mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, ife tili panja, ndipo anajambula kamodzi kokha, osabwereza. Atamaliza kulumikiza zithunzi anapempha kuti aione a gulu lake ndi mayi ake basi. Mayiwo anabwera Lachisanu masana, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Anaonera ali chete, kenaka anapempha kuti tiibwereze. Itatha kachiwiri anatembenukira kwa mwana wawo nati, "Zina izi sunandiuzepo, mwanawe." Mtsikanayo anayankha kuti, "Pakamwa zinkakana, amayi."

Pa ulendo wachiwiri wofunsidwa, iye anati nkhaniyo isatumizidwe kulikonse. Mphunzitsi wa sayansi anaikopera pa kakhadi kakang'ono kosungira zinthu za mufoni, ndipo mtsikanayo anafufuta yekha ndi chala chake m'mafoni onse atatu, ine ndikumulozera pamene pali chizindikiro cha bini. Kakhadiko anakakulunga m'pepala la m'kope, mayi ake nakamanga pamfundo ya chitenje. Kwa otiphunzitsa aja tinatumiza nkhani 10, kuphatikizapo ya mnyamata wa mipumiro, yofotokoza mmene agogo ake amasakira mbewa.